Webusayiti ya loji yaing'ono ku Senga Bay: hosting tigule kwa ndani?

Nachisale_Senga

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa bwino za mawebusayiti. Tili ndi loji yaing'ono ku Senga Bay, ya zipinda 8. Alendo amatipeza pa Facebook ndi pa WhatsApp, koma mabungwe ofuna kuchititsa misonkhano amafunsa webusayiti komanso imelo ya dzina la bizinesi. Zimene tikufuna ndi masamba ochepa, zithunzi za zipinda ndi za kunyanja, mitengo, fomu yosungitsira malo ndi maimelo atatu.

Njira zili pamaso panga ndi zitatu. Mnyamata wina wa pa boma akuti apanga zonse, ife tizingomupatsa ndalama pachaka. Kampani ina ya ku Lilongwe yatumiza mitengo ya mapulani ake. Alamu anga akuti tigule ku kampani ya ku America chifukwa mtengo ndi wotsika ndipo alemba kuti malo ndi "unlimited". Ndiyang'ane chiyani ndisanalipire? Nanga .mw ndi .com zikusiyana pati?

aMwale_KamuzuRoad

Mayi, tiyambe tamasula mtolo umene ogulitsa amakonda kumanga pamodzi. Muli zinthu zitatu: domeni, hosting ndi imelo. Domeni ndi dzina limene anthu amalemba pofuna kukupezani. Hosting ndi malo amene mumachita lendi pa seva (kompyuta yosazimitsidwa) ya kampani ina, pomwe mafayilo a webusayiti amakhala usana ndi usiku. Imelo ikhoza kukhala pa seva yomweyo kapena kwina. Pa zitatuzi, chimene simuyenera kulola kuti chikhale m'manja mwa wina ndi domeni.

Domeni ili ngati nambala ya foni, hosting ngati foni yeniyeniyo. Foni ikafa mumagula ina n'kulowetsa SIM yomweyo, makasitomala osadziwa n'komwe. Koma nambala ikakhala kuti inalembetsedwa ndi chitupa cha munthu wina, tsiku limene mudzasemphane mawu nambalayo ndi yake.

Ndiye aliyense amene mungasankhe mwa atatuwo, domeni ilembetsedwe m'dzina la bizinesi yanu, ndipo pamalo a mwini, pamene amalemba kuti registrant, pakhale imelo yanu. Imeloyo isakhale ya pa domeni yomweyo. Ikhale Gmail imene muli nayo kale, chifukwa domeni ikatha nthawi maimelo ake amafera limodzi, ndipo uthenga wokukumbutsani kulipira sukufikani. Akaunti yogulira domeni mutsegule nokha, pasiwedi musunge nokha. Wopanga webusayiti safunikira pasiwedi imeneyo. Iye amangokupatsani ma nameserver awiri, omwe ndi maadiresi olozera domeni ku hosting, inu n'kuwalemba mu akauntiyo, basi.

Za .mw ndi .com. Madomeni a .mw amayendetsedwa ndi Malawi SDNP, ndipo mukhoza kutenga dzina lothera ndi .mw kapena .co.mw. Mayina ambiri abwino akadalipo, bungwe la muno likaona .mw limadziwiratu kuti ndinu a konkuno, ndipo makampani a muno amakugulitsani mu makwacha. A .com amagulitsidwa ndi makampani ovomerezedwa ndi ICANN, bungwe loyang'anira madomeni pa dziko lonse, monga Namecheap ndi GoDaddy, mtengo wake mu madola. Dziwani malamulo awiri a .com. Domeni yongolembetsedwa kumene singasamutsidwe kupita ku kampani ina mpaka patatha masiku 60. Ndipo ikatha nthawi inu osalipira, pakadutsa masabata angapo imalowa m'nyengo ya masiku 30 imene kuiwombola kumafuna chindapusa choposa mtengo wa chaka kangapo, kenako imatulutsidwa kuti aliyense agule. Kwa loji, mayina onse awiriwa amagwira ntchito. Sankhani limene mudzathe kulipira chaka ndi chaka popanda kupempha munthu.

Apa ndi pamene nkhani ya alamu anu ikuvutira. Mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu uja nthawi zambiri ndi wa munthu amene walipiriratu miyezi 36 kapena 48 kamodzi, ndipo nthawiyo ikatha mtengo wopitiriza umakwera kawiri kapena katatu. Fufuzani pamene alemba renewal, mtengo weniweni ndi umenewo. Chachiwiri, ndi madola. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi, ndipo aliyense wolipira hosting kunja bilu yake inakwera chimodzimodzi. Chachitatu, khadi ya kubanki. Mabanki amaika malire pa ndalama zimene khadi ingalipire kunja, ndipo ndalama zakunja zikasowa malipiro amakanidwa. Kompyuta ya kampani ya ku America simva zoti "tilipira sabata yamawa". Imayesa khadi kangapo, n'kutseka akaunti, kenako n'kufufuta mafayilo.

Makampani ambiri a muno nawonso amachita lendi maseva kunja n'kumagulitsa zigawo. Palibe cholakwika pamenepo, mutu wa madola amapweteka nawo ndi iwo, inu mukulipira pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki. Koma afunseni molemba: kodi ndi kampani yolembetsedwa ndipo amapereka invoice? Kodi akupatsani dzina ndi pasiwedi yanuyanu yolowera mu cPanel, pulogalamu yoyendetsera akaunti ya hosting? Kodi mukafuna kuchoka akulolani kutenga mafayilo onse popanda kulipiritsa? Mnyamata wa pa boma uja mumufunse mafunso omwewo. Akhoza kukhala katswiri wopanga masamba, mumulembe ntchito imeneyo, koma akakana kukupatsani zolowera mu akaunti mudziwe kuti webusayitiyo ndi yake.

CheSaidi_KK

Za domeni aMwale amaliza. Ine ndilowe mkati mwa hosting mwenimwenimo, Mayi.

Mtundu wokuyenerani ndi shared hosting, pamene mawebusayiti ambiri amagawana seva imodzi ndipo kampani ndiyo imayang'anira chitetezo ndi mapulogalamu a sevayo. VPS musagule. Pa VPS mumapatsidwa gawo lanulanu, koma kukonza mapulogalamu, kutseka zibowo za akuba ndi kusunga backup (kope la mafayilo lobwezeretsera zikawonongeka) zonse zimakhala pa inu. VPS yopanda woiyang'anira imathyoledwa n'kuyamba kutumiza maimelo achinyengo m'dzina lanu.

Disiki yopanda malire kulibe. Amene alemba "unlimited" malire anawaika kwina. Oyamba ndi ma inode, kutanthauza chiwerengero cha zinthu mu akaunti: fayilo iliyonse, foda iliyonse, imelo iliyonse imawerengedwa imodzi. Ena ndi CPU, RAM ndi ma entry process, omwe ndi chiwerengero cha zopempha zimene seva ikukuyankhirani pa kamphindi komweko. Mukapyola malire a ma entry process, alendo amaona tsamba loyera lolembedwa 508 Resource Limit Is Reached. Choncho pemphani manambala. Kwa webusayiti ya masamba ochepa yopangidwa ndi pulogalamu ya WordPress, izi zikukwanirani: disiki ya 5 GB ya SSD kapena NVMe, RAM ya 1 GB, ma entry process 20, PHP 8 yoti mukhoza kusintha nokha mu cPanel, memory_limit ya 256M, ndi database ya MySQL kapena MariaDB, zikakhala ziwiri ndi bwino kuti ina muziyeserapo zinthu. WordPress, theme (maonekedwe a masamba) ndi ma plugin (timapulogalamu towonjezera) ochepa sizifika 1 GB. Chimene chimadzaza disiki ndi maimelo okhala ndi zomata, osati masamba.

SSL ndi imene imapangitsa adiresi kuyamba ndi https. Popanda iyo Chrome imalemba kuti Not secure pambali pa dzina lanu, ndipo mlendo salemba nambala yake pa fomu yotero. Let's Encrypt imapereka ziphaso zimenezi ulere, zimakhala masiku 90, ndipo hosting yabwino imazikonzanso yokha nthawi isanathe. Wokugulitsani SSL padera pa webusayiti ya loji akukudyerani.

Uptime, nthawi imene seva imagwira ntchito osagwa: 99.9 peresenti ndiye kuti seva ikhoza kugwa pafupifupi mphindi 43 pa mwezi. 99 peresenti ndi maola opitirira 7 pa mwezi. Manambalawa amaoneka oyandikana koma si ofanana. Musangokhulupirira zolemba, lembetsani ku UptimeRobot, pali pulani yaulere imene imayang'ana tsamba lanu mphindi 5 zilizonse n'kukutumizirani imelo likagwa.

Kumene seva ili kuli ndi kanthu. Intaneti yathu imadutsa pa mafaiba opita ku Tanzania ndi Mozambique kuti ikafike ku zingwe za pansi pa nyanja, ndiye seva ya ku Johannesburg nthawi zambiri imayankha msanga kuposa ya ku America. Koma loji ili ndi alendo a mbali ziwiri, a ku Lilongwe obwera Loweruka ndi a ku Ulaya osungitsa malo miyezi isanakwane. Njira yoyesera ndi yosavuta: pemphani kampani iliyonse ikupatseni adiresi ya webusayiti imodzi imene ili pa seva yawo, muitsegule pa foni muli ku Senga Bay komweko, kamodzi pa Airtel kamodzi pa TNM, madzulo pamene netiweki yadzaza. Mukatero mwaona zimene kasitomala wanu adzaone. Kenako ikani Cloudflare, pulani yaulere, imene imasunga zithunzi zanu m'maseva oyandikira mlendo aliyense.

Komabe chimene chimachedwetsa mawebusayiti a malo ogona si seva, ndi zithunzi. Chithunzi chochokera mu foni chimalemera 3 MB mpaka 5 MB. Mukaika 10 patsamba loyamba ndiye pafupifupi 40 MB, bandulo ya munthu yapita asanaone mtengo wa chipinda, ndipo amatseka. Chepetsani chilichonse chifike mapikiselo 1600 m'lifupi, musunge ngati WebP kapena JPEG ya 200 KB mpaka 300 KB. Squoosh imachita zimenezi ulere mu Chrome momwemo. Tsamba loyamba lonse lisapitirire 2 MB. Mavidiyo a kunyanja muike pa YouTube n'kungowalumikiza.

Nachisale_Senga

Zikomo kwambiri aMwale ndi Che Saidi. Ndaonanso pepala la a ku Lilongwe. Pulani yaing'ono ndi 2 GB ndi maimelo 5, backup palibe. Yapakati ndi 10 GB, maimelo 20, ndipo alemba kuti backup ya tsiku ndi tsiku. Yaing'onoyo singakwane? Komanso pali kompyuta ya mu ofesi imene imangokhala, singakhale seva? Ndipo kodi alendo angalipire dipoziti pa webusayiti pomwepo?

Nabanda_Dwangwa

Achemwali, za kompyuta ya mu ofesi iwalani. Magetsi akathima webusayiti yathima, ndipo intaneti ya rauta ya SIM sikupatsani adiresi ya IP yokhazikika imene anthu akunja angafikepo.

2 GB ingakwane masamba, koma maimelo atatu olandira ma quotation ndi zikalata za mabungwe adzaidzaza chaka chisanathe. Disiki ikadzaza zinthu ziwiri zimachitika mwakachetechete: maimelo obwera amabwerera kwa owatumiza, ndipo fomu imaleka kusunga zimene anthu alemba. Inu mumangoona ngati bizinesi yazizira. Tengani yapakatiyo, ndipo bokosi lililonse la imelo muliikire malire, tinene 2 GB, kuti limodzi lisadye malo a zonse.

Poti chimene chakupangitsani kufuna webusayiti ndi imelo ya bizinesi, tikhalitse pamenepa. Imelo yochokera pa domeni yatsopano imagwera mu spam ngati mu DNS, kaundula wa zolemba za domeni yanu, mulibe zolemba zitatu. SPF imanena maseva ololedwa kutumiza m'dzina lanu. DKIM imaika siginecha pa imelo iliyonse. DMARC imauza wolandira chochita ndi imelo yolephera mayeso awiriwo. Kuyambira February 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo, ndipo imelo yopanda SPF kapena DKIM ikhoza kukanidwa kumene. Mu cPanel muli gawo lotchedwa Email Deliverability limene limaonetsa ngati zili bwino ndipo lili ndi batani lokonzera. Mukamaliza tumizani imelo ku Gmail yanu, muitsegule pa kompyuta, musankhe Show original. Mizere ya SPF, DKIM ndi DMARC iyenera kulembedwa PASS.

Apa Che Saidi anasiya kachenjezo kamodzi. Mukaika Cloudflare, ma nameserver amasamukira kumeneko, ndiye zolemba za SPF, DKIM ndi MX (cholozera maimelo obwera) ziyenera kukhalanso kumeneko, kukonza mu cPanel sikuthandizanso. Ndipo cholemba cha mail chisadutse pa kamtambo ka olenji, chizindikiro choti cholembacho chikudutsa pa Cloudflare, chikhale DNS only. Mukaiwala zimenezi webusayiti imatseguka bwinobwino koma imelo pa foni imakana kulowa.

Vuto lina la shared hosting ndi loti adiresi ya IP mumagawana ndi ena. Mnzanu wa pa seva akatumiza spam, adiresiyo imalowa m'ndandanda wa zoletsedwa ndipo maimelo anu amavutika nawo. Musanalipire, pemphani IP ya sevayo muiyese pa MXToolbox, pa blacklist check.

Pa foni imelo muiike ngati IMAP, njira imene imasiya maimelo pa seva, doko 993, ndipo yotumizira SMTP doko 465 kapena 587. POP3 ipeweni, imakokera maimelo mu foni imodzi, foniyo ikabedwa apita.

Fomu yosungitsira malo ndi imene imapusitsa ambiri. WordPress ikasiyidwa yokha imatumiza uthenga wa fomu kudzera pa PHP popanda kulowa mu bokosi la imelo lenileni, ndipo uthenga wotero umasochera kawirikawiri. Mlendo amaona kuti watumiza, inu simulandira kanthu. Ikani plugin monga WP Mail SMTP, muilumikize ku imelo yanu imodzi, ndipo sankhani fomu imene imasunganso mauthenga mkati mwa WordPress. Lolemba lililonse dzitumizireni fomu yoyesera. Pambali pake ikani batani la WhatsApp: adiresi yake ndi wa.me/265 kutsatira nambala yanu popanda 0 woyamba.

Za backup, mawu oti "tsiku ndi tsiku" paokha sakwanira. Funsani kuti amasunga za masiku angati, amasunga pa seva yomweyo kapena kwina, ndipo kubwezeretsa mumachita nokha kapena amalipiritsa. Backup ya pa seva yomweyo imafa pamodzi ndi sevayo. Ya masiku awiri okha sithandiza ngati webusayiti inathyoledwa sabata yatha inu osadziwa. Pemphani ya masiku 14 kapena kupitirira, ndipo mukhalenso ndi yanu: plugin ya UpdraftPlus imatumiza backup ku Google Drive, komwe muli ndi 15 GB yaulere. Database kamodzi pa sabata, mafayilo kamodzi pa mwezi komanso musanasinthe chachikulu chilichonse. Kamodzi muyese kubwezeretsa pa subdomain, kaadiresi kapadera ka pansi pa domeni yanu, kuti muone ngati ikutsegukadi.

Wopanga masamba mumuuziretu kuti ma theme ndi ma plugin ogulitsa amene amagawidwa ulere, aja amati nulled, simukuwafuna. Ambiri amabwera ndi khomo lobisika la akuba, ndipo salandira zokonza. Akaunti ya administrator ikhale yanu, dzina lolowera lisakhale admin.

aMwale_KamuzuRoad

Za dipoziti, n'zotheka koma musayambire pamenepo. Manambala a makhadi a alendo asadutse kapena kusungidwa pa webusayiti yanu ngakhale pang'ono. Ntchito imeneyo ndi ya makampani olandirira malipiro, monga PayChangu, amene amalandira Airtel Money, Mpamba ndi makhadi n'kukutumizirani ndalama atachotsa gawo lawo. Adzafuna zikalata za bizinesi ndi akaunti ya kubanki, ndipo webusayiti iyenera kukhala ndi SSL. Poyamba ingolembani kuti malo amatsimikizika dipoziti ikalowa, mlendo atumize pa nambala ya bizinesi, inu mumuyankhe ndi risiti. Mukaona kuti osungitsa achuluka ndiye muwonjezere.

Pa fomu funsani zokhazo zofunika: dzina, foni, imelo, masiku ndi chiwerengero cha anthu. Malawi ili ndi lamulo loteteza zachinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo makope a mapasipoti ongokhala pa seva ndi katundu amene simukufuna kuyankhapo.

Pa chinthu chimodzi ndisiyane pang'ono ndi anzangawa. Onse akulankhula ngati WordPress ndi yokhayo. Ngati mitengo imasintha kawiri pa chaka ndipo palibe wolemba nkhani sabata ndi sabata, masamba asanu a HTML wamba akhoza kukhala pa Cloudflare Pages kapena Netlify ulere, opanda database, opanda plugin yofuna kukonzedwa, ndipo wakuba alibe pogwira. Kuipa kwake n'koti imelo muyenera kuigula kwina, ndipo kusintha mtengo wa chipinda kumafuna munthu wodziwa. Kwa inu amene mukufuna maimelo atatu ndi kusintha zinthu nokha, pulani yapakati ija ikuposabe, bola mudziwe kuti WordPress imafuna munthu wolowamo kamodzi pa mwezi kukadina ma update. Ndipo lero lomwe, webusayiti isanakhalepo, tsegulani Google Business Profile. Ndi yaulere, ndipo munthu wolemba pa foni kuti akufuna malo ogona ku Senga Bay amayamba kuona mapu asanaone webusayiti ya aliyense.

CheSaidi_KK

Zoonadi Mayi Nabanda, za kamtambo zija n'zofunika.

Chomaliza kwa ine ndi njira yotulukira, chifukwa kampani yabwino lero ikhoza kusintha mawa. Ngati akulola, lipirani mwezi umodzi kapena itatu poyamba. M'nthawi imeneyo atumizireni funso Loweruka madzulo muone kuti ayankha liti, popeza loji imagwira ntchito kwambiri pamene maofesi atseka.

Tsiku lodzasamuka ndondomeko ndi iyi. Gulani hosting yatsopano yakale isanathe, pakhale masabata awiri oti zonse zili moyo. Kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, tsitsani TTL ya zolemba za DNS, nthawi imene maseva ena amakumbukira cholemba chakale, ifike masekondi 300, kuti kusintha kudzafalikire msanga. Tengani full backup mu cPanel. Ngati kwatsopanoko kulinso cPanel, apatseni fayiloyo abwezeretse, imabwera ndi masamba, database ndi maimelo omwe. Ngati kuli pulogalamu ina, maimelo amakopedwa padera kudzera pa IMAP, ndipo mabokosi ayambe atsegulidwa kwatsopanoko ndi mayina omwewo. Yesani webusayiti pa seva yatsopano musanasinthe kanthu, kenako sinthani cholemba cha A, cholozera domeni ku IP ya seva, ndi cha MX, mukonzenso SPF ndi DKIM chifukwa seva yasintha, muonetsetse kuti SSL yatuluka. Akaunti yakale musaitseke mpaka patatha sabata, ndipo muziyang'anamo, chifukwa maimelo ena amafikabe kumeneko masiku oyamba.

Zonsezi zimatheka pokhapokha ngati akaunti ya domeni ili m'manja mwanu monga ananenera aMwale. Masiku othera domeni ndi hosting muwalembe pa kalendala ya mu ofesi, mulipire kutatsala masiku 30. Ngati tsikulo likugwera mu December, lipiriranitu mu October, kuti lisakumane ndi nyengo imene zipinda zadzaza ndipo maofesi a ku Lilongwe ali pa tchuthi.